Akalulu Amene Bambo a Tereza Anandisiyira

Amayi anzanga, mtendere wa Ambuye ukhale pa mkeka uliwonse umene mwakhalapo. Amayi otitsogolera andipempha kuti Lachinayi lino ndisayambitse nyimbo, koma ndilankhule. Ndavomera, chifukwa ndikamayang'ana pano ndikuona nkhope zina zimene ndinkakumana nazo kudambo, kuja kumafuka utsi m'mamawa popanda wophika ndiwo. Sinditchula munthu. Inunso mukudziwa kumene munkandiona ine.

Dzina langa ndine Velonika, koma ambiri mumanditchula amake Tereza. Kwathu ndi ku Madzimoyo. Kuno ku Chiparamba ndinabwera ndi ukwati, ukwati wa m'tchalitchi, ndipo ng'ombe za malowolo zinapita kwa atate anga zonse.

Bambo a Tereza ankagwira ntchito ya m'dimba pa famu ya fodya ya mzungu wina, njira yopita ku Foti Jemisoni. Boma la Chitaganya litangoyamba kumene, fodya wa kuno anasiya kugulidwa bwino, mzungu uja anagulitsa famu n'kusamukira kumwera. Dona wake ankaweta akalulu oyera a maso ofiira, ndipo posamuka analibe powanyamulira. Anapatsa bambo a Tereza atatu, aakazi awiri ndi wamphongo mmodzi. Anabwera nawo m'dengu panjinga, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona. Madoda anaseka, amati kodi nyama ya kutchire imamangiridwa khola. Koma bambo a Tereza sanakhumudwe. Anandiuza kuti, "Amake Tereza, izi zimaswana kuposa nkhuku. Madona a m'tauni amagula, makalaliki a paboma amagula. Mwana wathu adzaphunzira ndi zimenezi."

Anamanga khola la nsungwi pansi, pafupi ndi nkhokwe, n'kuwaika onse atatu pamodzi. Koma ntchito kuno inali itatha, pamene msonkho sunathe. Akalulu asanaswe ngakhale kamodzi, bambo a Tereza anakwera lole ya ku Walale, tauni yaikulu ya kumwera, kukafuna ntchito. Ine ndinali ndi pakati. Anati akakhazikika adzatiitanitsa. Za akalulu anangondiuza kuti ndiziwapatsa udzu ndi gaga. Za kuswa sanandiuze kanthu, chifukwa ku famu kuja zimenezo ankasamala ndi dona yekha.

Ndinatsala pakhomo ndi Tereza ndi apongozi anga, aNajere, amake a bambo a Tereza, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga.

Kalulu wamkazi woyamba anaswa m'chisanu cha Juni. M'mawa ndinapeza tiana tili mbwee pa dothi, topanda ubweya, tozizira ngati timiyala ta mumtsinje. Ndinatisesa n'kukataya kudzala. Wachiwiri ataswa, wamphongo uja anatipondaponda pothamangitsa make. Ine sindinadziwe kuti n'chifukwa chake, ndinkangoona tafa. Nyengo yomweyo ndinabereka mwana wamwamuna. Sanakhale masiku ambiri. Amayi a m'mudzi anakamuika okha, mwakachetechete, monga timachitira ndi khanda.

Ndisanachire n'komwe, ndinamva aNajere ali pamtondo akuuza mnzawo mokweza kuti mawu afike m'nyumba mwanga: "Pakhomo pano chobadwa chilichonse chikufa. Pali wina dzanja lake n'lotentha." Inu ndinu akuluakulu, mukudziwa tanthauzo lake. Amati ndinayenda ndi mwamuna wina mwana wawo kulibe. Mulungu ndi mboni, sindinachite zimenezo. Koma kuyambira tsiku limenelo ine ndi apongozi anga tinaleka kulankhulana. Bwalo limodzi, moto uwiri. Mchere ukatha, aliyense ankakapempha kwina.

Ndinalimbikirabe akalulu aja, chifukwa ndinalibe china chogwira. Mvula itagwa anaswanso, ndipo ulendo uno tiana tinamera ubweya, tinayamba kuphenya. Ndinayamba kuganiza za nsalu ya sukulu ya Tereza. M'mawa wina ndinapeza khola lili bii ndi linthumbu. Akalulu aakulu anali atakwera pa nsungwi akudzigwedeza, koma m'ngodya munangotsala timafupa. Tina tinadyedwa ndi makoswe. Tina make anatidya yekha, ine ndikuona ndi maso angawa. Mwezi ndi mwezi ndinkadikira, mwezi ndi mwezi ndinkapita kudzala.

Kenaka kunabwera bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe kuchokera ku Walale. Ndinapita kukamufunsa za bambo a Tereza. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mayi, musamadikire. Amuna anu ali ndi nyumba kumeneko, muli mkazi, mulinso mwana."

Ndinamanga kamtolo n'kupita ku Madzimoyo kwa atate anga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mwana wanga, ng'ombe zija zinakalowola mkazi wa mlongo wako. Ukabwerera kuno, ndikabweza chiyani kwa eni ake? Ndiponso Tereza ndi wawo. Ukachoka, uchoka wekha." Ndinagona usiku umodzi kwathu ngati mlendo, m'mawa n'kuyamba ulendo wobwerera. Ndinapita kwa akatekisiti. Anandilandira bwino, koma yankho linali limodzi: ukwati wa m'tchalitchi sumasulidwa, pirirani. Ndiye taonani. Kwathu sindingapite. Kukwatiwa sindingakwatiwe. Wamasiye sindine wamasiye, wapabanja sindine wapabanja. Kulikonse kumene ndinkatembenukira kunali kotseka, ndipo pakhomo pokhapo pamene ndinkaloledwa kukhala panali munthu amene ankanditenga ngati wopha mdzukulu wake.

Apa ndifulumira, chifukwa njira yotsika ambiri mukuidziwa. Mnzanga wina wa kutsidya, amake Losi, anaona thumba langa la gaga wa akalulu, n'kunena kuti, "Mukutayira chuma tinyama tosapindula. Gaga ameneyu ndi shuga pang'ono, mutcheza kachasu." Anandibwereka paipi yake, anandiphunzitsa kumata mbiya. Wotcheza amalawa kuti adziwe ngati wapsa. Ndinayamba n'kulawa. Ndinaona kuti ndikalawa mutu wake, uja woyamba kudontha, mawu a pamtondo amaleka kulira m'khutu. Sipanapite nthawi, womwa ndekha anachuluka kuposa wogulitsa. Munda wa nsawa unamera udzu. Tereza anasiya sukulu chifukwa panalibe wophika. Ku tchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo, kenaka panja pa zenera, kenaka kunyumba. Ndinagonapo m'ngalande. Ndinavulapo nsalu pamaliro anthu akuona. Mwana wanga anandikokapo m'njira ngati thumba, anzake akuseka.

Tsiku lina amesenjala a paboma anatipeza kudambo. Anzanga anathawa, ine miyendo inakana. Anandisenzetsa mbiya yanga, ndinayenda nayo pamutu mpaka ku Foti Jemisoni, kudutsa pa masitolo a amwenye anthu akuloza. Ndinakhala m'ndende mwezi wathunthu, ndikulambula bwalo la boma. Mwina mukuganiza kuti ndende inandichiza. Ayi. Tsiku lotuluka sindinayambe ndafika kunyumba. Ndinayamba ndapita kwa amake Losi.

Nditafika pakhomo ndinapeza kalulu wamkazi mmodzi wafa, atsala wamkazi mmodzi ndi wamphongo uja, owonda koma amoyo. M'kholamo munali masamba a kholowa atsopano. Tereza anandiuza kuti agogo ake ndi amene ankaponyamo, ankati ndi zinthu za mwana wawo. Sindinawathokoze. Ndinapitiriza kumwa mpaka chisanu chinabweranso.

Tsopano ndichedwe pang'ono, amayi, pakuti m'mawa umene ndikufuna kunenawu ndi umene wandiimika pano.

Ndinadzuka m'khichini, pa phulusa lozizira, matsire atandigwira mutu. Shuga wotchezera anali atatha, ndipo ndinaganiza zotenga kalulu wamkazi wotsala uja kuti ndikamusinthanitse. Ndinapita kukhola ndi dengu. Ndinapeza waswa. Tiana tisanu ndi kamodzi tinali titabalalika pa dothi, kena pakhomo, kena m'ngodya. Ndinatikhudza. Tinali tozizira, toumirira, tosagwedezeka. Mumtima ndinangoti, monga mwa masiku onse.

Tsache sindinalione pafupi. Ndinatitola ndi manja n'kutiika m'mpindiro wa chitenje, pamimba, chifukwa manja ndinkawafuna pogwirira mpanda, mutu unkazungulira. Ndinayamba ulendo wa kudzala. Ndisanafike, ndinasanza. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango umene uli m'mbali mwa dzala lija. Dzuwa linali litangotuluka. Ndinaweramira maondo, manja ndapinda pamimba chifukwa cha kuzizidwa, n'kungokhala.

Ndinena chilungamo pamaso panu. Pamenepo ndinkaganiza za chitsime chakale cha kumunsi kwa dimba, chija chakuya. Ndinkaona kuti ndiyo njira yokhayo imene palibe anganditsekere, kaya atate anga, kaya akatekisiti, kaya apongozi. Ndinkaganiza modekha, ngati munthu akuganiza zokatola nkhuni. Za tiana tija ndinali nditaiwalako.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linafika pamsana panga. Kenaka ndinamva kanthu kakundikanda pamchombo. Ndinayesa nyerere. Ndinayesanso kuti ndi kunjenjemera kwa kachasu, pakuti thupi langa linkachita zambiri masiku amenewo. Kanakandanso. Ndinamasula mpindiro uja pang'onopang'ono.

Kamodzi kanali kakutambasula mwendo. Khungu lake, limene linali lotuwa, linali litayamba kufiira. Kankatsegula kukamwa, kakufunafuna. Ndinakayang'ana osakhulupirira. Ndinatseka msanga n'kukanikiza pamimba ndi manja onse awiri, ndikuuzira mpweya m'kati mwa nsalu. Patapita nthawi kena kanagwedezeka, kenanso. Tinayi tinadzuka. Tiwiri tinali titafadi.

Ndinakondwa kanthawi kochepa chabe, chifukwa nditakweza maso ndinaona dzala lija patsogolo panga. Ndinakumbukira m'mawa uliwonse umene ndinabwera pamenepo ndi tsache. Tambiri mwa tiana timene ndinataya tinali tozizira basi. Tinkafuna thupi lofunda, ndipo ine thupi ndinali nalo, koma sindinadziwe. Musandifunse ngati ndinaganizanso za mwana wanga uja. Ndinaganiza. Iye anamwaliradi, azamba anaona bwino, koma mtima wa mayi sumva msanga zimenezo. Ndinalira pansi pa mango paja mopanda mawu, manja ali pamimba, ndikuopa kugwedezeka kwambiri kuti ndingatipweteke.

Tiana tofunda timafuna bere. Ndinabwerera kukhola, ndinatulutsa wamphongo n'kumuvundikira ndi dengu, ndinaika tiana pafupi ndi make. Make anadumpha n'kukakhala m'ngodya. Ndinayesanso, anadumphanso. Ndinamugwira ndi dzanja limodzi kuti linalo ndiikire tiana pabere, koma manja anga ankanjenjemera ngati masamba. Kamodzi kanandipulumuka n'kugwa pa dothi. Ndinaona kuti ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Tereza anali atapita kukatunga madzi kutali. Pabwalo ponse panali munthu mmodzi yekha: aNajere, ali pakhonde pawo akusenda nsawa, akundiyang'ana cham'mbali.

Bwalo lathu ndi laling'ono, koma sindinayendepo ulendo wovuta ngati umenewo. Ndinafika n'kugwada. Fungo langa ndinkalimva ndekha.

Ndinati, "Amayi, ndithandizeni."

Anasenda nsawa ina, n'kuponya khoko pansi.

Ndinatsegula chitenje kuti aone. Ndinati, "Tinali titazizira. Tadzuka pamimba panga. Make akukana kuyamwitsa, ndipo ndekha ndikulephera."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula chala n'kukhudza kamodzi. Kanagwedezeka. Anaika lichero pambali, n'kudzuka kulowera kukhola, ine ndikutsatira pambuyo.

Anakhala pansi pakhomo pa khola, anaika kalulu wamkazi pamiyendo pawo n'kumuphimba kumaso ndi nsonga ya nsalu. Kalulu anadekha. Ine ndinayamba kuika tiana pansi pa mimba yake, koma zala zanga zinkaphonya.

Iwo anati, "Mutipha ndi manja amenewo, amake Tereza. Gwirani make inu, kuika ndiika ine."

Tinasinthana. Kalulu anandikalakala m'mikono mpaka magazi, koma sindinamusiye. ANajere anatenga kamodzikamodzi n'kumatiika pabere. Tinamva tikuyamwa. Timimba tija tinafufuma tikuona. Mitu yathu inali itayandikana koyamba chichokereni mwana wawo.

Atamaliza anati, "Kalulu ameneyu sayamwitsa yekha msanga. Mawa afunanso anthu awiri, mkuja chimodzimodzi."

Ndinati, "Ndamva, amayi."

"Mubwere musanamwe. Mukabwera mukununkha, ine sindituluka m'nyumba."

Ndinawerama. Ndinayesa amaliza, koma analankhulanso, akuyang'ana tiana tija osati ine. Anati, "Mumayesa mwana wanga anasiya inu nokha? Inu anakusiyiraniko akalulu. Ine ndinamubereka, ndipo sananditumizire ngakhale moni."

Za mawu aja a pamtondo sanapepese, ndipo ine sindinawakumbutse. Anatenga thonje la m'nyumba mwawo ndi udzu wouma, tinayala m'kadengu, tinaikamo tiana n'kukatiika pafupi ndi moto wawo.

Musaganize kuti kusiya kunali kophweka. Masiku oyamba ndinkatuluka thukuta m'chisanu, ndinkasanza madzi okhaokha, khungu linkayabwa ngati mwalowa tizilombo. Ndinkatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa, ndinkamwa thobwa mpaka mimba kutupa, kuti pakamwa pasakhale popanda kanthu. Sindinkadziuza kuti ndasiya moyo wonse, zimenezo zikanandiopsa. Ndinkangoti, mawa m'mawa manja anga akhale okhazikika. Ndipo ndinagwanso. Kunachitika maliro kutsidya, wina anandipatsa chikho, ndinalandira. M'mawa mwake ndinagogoda kwa aNajere. Anatsegula, anandinunkhiza, n'kutsekanso. Ndinalimbana ndi kalulu uja ndekha, anandipulumuka, n'kuponda kamodzi. Kanafa masana. Ndinakakwirira ndekha, ndipo aNajere sananene mawu alionse. Kukhala chete kwawo kunandipweteka kuposa chikoti.

Tsiku lomwelo ndinatenga paipi ija n'kukabweza kwa amake Losi. Anaseka, n'kunena kuti, "Ndikusungirani, mudzaifunanso." Mbiya ndinaiphwanya. Ndinasintha njira ya kumadzi, ndinayamba kuzungulira kumtunda kuti ndisamadutse kudambo. Njira imeneyo ndi yaitali, ndipo mpaka lero ndimadzera komweko. Anzanga akale ndinaleka kukhala nawo pansi. Moni ndimapereka ndili chiimire.

Titatu totsala tija titakula, ndinazindikira kuti umbuli wanga unapha tambiri kuposa linthumbu. Ndinamva kuti kumishoni kuli bambo wina wosamala dimba la ansembe amene amawetanso akalulu. Ndinapita, ndinamuuza zanga zonse, ndinamupempha kuti ndizipalira m'dimba mwake iye azindiphunzitsa. Anavomera. Atamva kuti khola langa lili pansi ndipo wamphongo amagona ndi aakazi, anangogwira pakamwa.

Anandiphunzitsa kuti khola likhale m'mwamba, pa mitengo, ndipo mwendo uliwonse uime m'chitini chothira mafuta akale a galimoto kuti linthumbu lisakwere. Amene alibe mafuta azizunguliza phulusa tsiku ndi tsiku. Pansi pa khola pakhale nsungwi zotalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwa. Wamphongo akhale kwake. Wamkazi ndi amene amapita kwa wamphongo, akakwerana n'kumubwezera kwake tsiku lomwelo. Mukaona wamkazi akunyamula udzu pakamwa kapena akudzizula ubweya pachifuwa, dziwani kuti wayandikira, muikireni kabokosi kokhala ndi udzu wouma kuti aswiremo, tiana tikhale pamodzi tizifunditsana. Ndipo chimene chinandiliza ndi ichi: madzi. Ine sindinkawapatsa madzi, ndinkayesa masamba akwanira. Bambo uja anati wamkazi akaswa amamva ludzu loopsa, akasowa madzi amadya ana ake. Kalulu uja ndinkamutukwana kuti ndi mfiti, pamene anali ndi ludzu chabe. Anandiuzanso kuti agalu asamayandikire khola, ndiponso masamba a mame aziyamba afota asanaperekedwe. Za kufunditsa tiana tozizira ankazidziwa kale. Anati aliyense woweta amadziwa. Ine ndinalibe wondiuza.

Khola latsopano tinamanga ndi aNajere, iwo akumanga luzi, ine ndikukumba. Amuna a m'mudzi ankangodutsa n'kumayang'ana. Patapita miyezi ndinalimba mtima n'kupita kukalapa, ndipo Lamulungu lotsatira ndinalandira Mgonero. Tereza anabwerera ku sukulu. Anali wamtali kuposa onse m'kalasi mwake, ankachita manyazi, koma anapitiriza. Kundikhulupirira kwake ndiko kunachedwa kubwera. Kwa nthawi yaitali ndikachedwa kumunda ankandichingamira panjira, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti aone mayendedwe anga.

Lero ndili ndi makola angapo. Loweruka ndimanyamula akalulu m'dengu kupita nawo ku Foti Jemisoni, ndimagogoda ku makomo akumbuyo a madona ndi ku nyumba za makalaliki. Ndimadutsa pa masitolo omwe aja amene ndinadutsapo ndi mbiya pamutu. Tiana timafabe. M'kutentha kwa Okutobala wapitayu tinafa tonse ta wamkazi mmodzi tsiku limodzi, ndipo panalibe chimene ndikanachita. Amene akufuna kuyamba kuweta adziwiretu kuti kukwirira sikutha. Kumangochepa.

Sindikufuna kukunamizani kuti zitseko zija zinatseguka. Ng'ombe sizinabwezedwe. Ukwati wanga udakali womangidwa kwa munthu amene nkhope yake ndayamba kuiiwala. Ndidakali pabwalo lomwe lija. ANajere maso anachita khungu tsopano, ndimawaphikira, ndimawasambitsa, timadya mbale imodzi. Nthawi zina amandilankhulabe mawu olasa, pakuti lilime lawo silinakalambe. Chimene chinasintha n'chakuti m'mawa ndimadzuka ndikudziwa pamene ndagona.

Ndiye mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani ndavomera kulankhula lero, pamene kale ndinkakana. Mwezi wathawu kwabweranso munthu wochokera ku Walale. Akuti bambo a Tereza akudwala chifuwa, ntchito inawathera, ndipo mkazi uja anawatulutsira katundu panja. Akuti akufuna kubwera kwawo mvula isanagwe. ANajere atamva analira tsiku lonse, kenaka anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Amake Tereza, mwana wanga mudzamulandira?"

Sindinawayankhe. Mpaka pano sindinawayankhe. Mudzi ndi wa bambo a Tereza, nyumba anamanga ndi iwo, ndipo lamulo la tchalitchi likuti ndi amuna anga. Akafika adzagona m'nyumba mwanga, ndidzawaphikira phala, ndidzachapa nsalu zawo zokhosomolera, ndifune ndisafune. Tsiku limene ndinamva nkhaniyi, ludzu lija linabwera lonse, ngati sindinasiyepo. Ndinapezeka ndaima pamphambano ya njira ya kudambo, mtsuko uli pamutu, osadziwa kuti ndafikapo bwanji. Ndinabwerera, koma miyendo inali yolemera.

Choncho sindinaime pano ngati munthu wopambana. Amene muli m'dzenje limene ndinalimo, bwerani kwathu m'mawa uliwonse, ndikuonetsani makola, tidzagwirira limodzi ntchito, ndipo za dzulo lanu sindidzakufunsani. Koma nanenso ndili ndi pempho, ndipo ndikulipereka pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu. Tsiku limene mudzamve kuti basi yawatsitsa bambo a Tereza, musadzadikire kuitanidwa. Mudzatenge mikeka yanuyi, mudzakhale pabwalo panga mpaka dzuwa lilowe, ndipo mmodzi wa inu adzayale wake mbali ya njira ya kudambo.